Mwanabere Akakana Kuphwa, Musadikire Kukolola

Palibe munthu wa kumudzi amene sadziwa mwanabere. Mlimi akadzitema ndi khasu kuphazi, kapena akabayidwa ndi chitsa m'munda, pakapita masiku awiri amamva kachotupa kowawa m'mphechepeche. Mwana akakhala ndi zilonda m'mutu kapena dzino lobooka, mayi ake amapeza timibulu m'khosi mwake. Chilonda chikapola, mwanabereyo amaphwa yekha, ndipo nkhani imathera pomwepo. N'chifukwa chake ambiri a ife sitichita naye mantha, ndipo nthawi zambiri sitilakwa.

Koma pali mwanabere wina amene saphwa. Amabwera popanda chilonda, amakula mwakachetechete, ndipo kawirikawiri sawawa n'komwe. Kwa munthu amene ali ndi kachirombo ka HIV, mwanabere wotereyu ndi uthenga woyenera kuumvera. M'gawo lathu la zaumoyo ulendo uno tikambirana za gwero la zotupa zimenezi, makamaka za tizirombo tiwiri timene timakhalira limodzi ndi HIV m'thupi, ndiponso za zimene alangizi, anthu odzipereka osamalira odwala kumudzi ndi mabanja angachite kuti wodwala asafike kuchipatala zinthu zitaipa kale.

Ntchito ya anabere m'thupi

M'thupi mwa munthu muli anabere oposa 500. Ambiri ndi aang'ono ngati njere ya nyemba kapena kucheperapo. Ena ali pafupi ndi khungu, monga m'khosi, kunsi kwa chibwano, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Ena ali mkati mwenimweni, m'chifuwa ndi m'mimba, momwe dzanja silingawakhudze. Kuwonjezera pa magazi, m'thupi mumayendanso madzi ena oyera amene amatsuka minofu. Madziwa asanabwerere m'magazi amadutsa mwa anabere monga mmene ufa umadutsira m'sefa. M'menemo ndimo muli misasa ya asilikali a m'thupi. Tizirombo tikakodwa m'sefamo, asilikali amachulukana kuti athane nato, ndipo kuchulukanako ndiko timakuona ngati kutupa.

Kachirombo ka HIV kamakonda malo omwewa, pakuti asilikali otchedwa CD4, amene iko kamalowamo ndi kuswana, ndi ochuluka mwa anabere. Ichi ndicho chifukwa chake anthu ena amene ali ndi HIV amatupa anabere mbali zonse ziwiri za thupi, m'khosi ndi m'khwapa, popanda ululu, kwa miyezi yoposa itatu. Anabere oterewa amakhala ofanana kukula kumanzere ndi kumanja, amasendezeka pansi pa khungu, ndipo sapitirira kukula. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limaika kutupa kumeneku pa gawo loyamba la matenda a HIV, kutanthauza kuti pakokha sikoopsa. Komabe, amene angagamule kuti kutupa kwina n'kwa mtundu umenewu ndi dokotala amene wamupima wodwalayo. Ndipo munthu aliyense wotupa anabere kwa nthawi yaitali amene sadziwa mmene magazi ake alili, chinthu choyamba ndi kukayezetsa.

TB ndiyo yoyamba kuganiziridwa

M'mayiko a kuno kwathu, munthu amene ali ndi HIV akatupa kwambiri anabere, choyamba chimene achipatala amaganizira ndi TB. Sachita izi molakwa, chifukwa pa matenda akuluakulu otupitsa anabere, TB ndiyo yofala kuposa onse m'chigawo chino cha Africa. Ambiri amaidziwa ngati chifuwa chachikulu, koma imathanso kukhala m'khosi munthu osatsokomola. Anabere a TB kawirikawiri amatupa mbali imodzi ya khosi ndipo amamatana kukhala chibuluma chimodzi. Pakapita nthawi amafewa, amaphulika, ndi kumatulutsa mafinya osalekeza, koma satentha kapena kuwawa ngati chithupsa.

TB imayamba ndi mabakiteriya, ndipo imachira ndi mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi. Kuyeza kwake kwapita patsogolo. M'chaka cha 2010 bungwe la WHO linavomereza makina a GeneXpert oyezera makhololo, ndipo mu 2013 linalangiza kuti makina omwewo azigwiritsidwanso ntchito poyeza madzi kapena kanyama kochokera m'mwanabere. Dokotala amabaya chotupa ndi singano yaing'ono, amatapa madzi pang'ono, ndipo zotsatira zimatha kutuluka tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake.

Vuto ndi lakuti pali matenda ena amene amavala nkhope ya TB. Amatupitsa anabere, amatenthetsa thupi, amatulutsa thukuta usiku ndi kuondetsa, monga mmene TB imachitira. Koma gwero lake ndi mavairasi, ndipo mankhwala a TB sawachita kanthu.

Tizirombo togona tulo

Ambiri a inu mukudziwa mashingozi. Kachirombo kake n'komwe kaja kamayambitsa katsabola pa ubwana. Mwana akachira, kachiromboko sikachoka m'thupi. Kamabisala m'mitsempha kwa zaka zambiri, ndipo kamadzuka chitetezo cha m'thupi chikatsika. Kachirombo kameneka kali ndi abale ake a m'banja limodzi, ndipo awiri mwa iwo ndiwo mutu wa nkhani yathu. Koyamba kamatchedwa Epstein-Barr, kapena EBV mwachidule. Kachiwiri ndi kachirombo ka khansa ya Kaposi, kamene madokotala amakalemba kuti KSHV kapena HHV-8.

Tizirombo tiwiri tonseti timafala makamaka kudzera m'malovu, ndipo kuno ku Africa ambiri amatitenga akadali ana. Padziko lonse lapansi, pa akuluakulu 10 aliwonse, oposa 9 ali ndi EBV. KSHV siwofala chomwecho ku Ulaya ndi ku America, koma m'madera ena a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa theka la akuluakulu kapena kuposerapo ali nako. Ochuluka mwa anthu amenewa amakalamba osadwala nako, chifukwa asilikali a m'thupi amakapanikiza usana ndi usiku.

Tizirombo timeneti timabisala m'gulu lina la asilikali a m'thupi amene amakhala mwa anabere, ndipo tili ndi mphamvu yowakakamiza kuti aziswana. Chitetezo chikakhala champhamvu, msilikali aliyense amene wayamba kuswana mosalongosoka amaphedwa msanga. HIV ikachepetsa CD4, ulonda umenewo umafooka. Zili ngati munda umene mwini wake wadwala nthawi yopalira: njere za udzu zinali m'nthaka kale, chimene chasowa ndi khasu basi.

Ulendo wa Burkitt ndi khansa ya m'anabere

Mbiri ya EBV inayambira mu Africa muno. Denis Burkitt, dokotala wa opaleshoni wochokera ku Ireland amene ankagwira ntchito pachipatala cha Mulago ku Kampala, anaona ana ambiri otupa nsagwada modabwitsa, ndipo mu 1958 analemba za matendawa. Mu 1961 iye ndi madokotala anzake awiri anayenda pagalimoto mtunda wa makilomita pafupifupi 16,000 kuyendera zipatala zoposa 50 m'mayiko angapo, kuphatikizapo Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique. Anapeza kuti chotupachi chinali chofala m'malo otsika, otentha ndi achinyezi monga m'mphepete mwa nyanja, koma chosowa m'mapiri ozizira. Pambuyo pake zinadziwika kuti malo amenewa ndi omwe malungo amavuta chaka chonse. Mu 1964, Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong a ku London anapeza kachirombo katsopano m'tinyama ta zotupa totumizidwa kuchokera ku Uganda. Aka kanali kachirombo koyamba kudziwika kuti kamakhudzana ndi khansa ya anthu.

Khansa ya Burkitt idakali m'gulu la khansa zofala kwambiri pakati pa ana a ku Malawi ndi mayiko oyandikana nawo, ndipo ambiri mwa ana amenewa alibe HIV. Mwa iwo, malungo obwerezabwereza ndi EBV ndiwo amathandizana. Koma mwa akuluakulu amene ali ndi HIV, khansa za m'anabere, zimene madokotala amazitcha lymphoma, zimapezeka kwambiri kuposa mwa anthu amene alibe kachiromboka. Zilipo za mitundu ingapo, ndipo zambiri, ngakhale si zonse, zimapezeka ndi EBV mkati mwake.

Chodziwika cha khansa zimenezi ndi liwiro lake. Chotupa cha Burkitt chimatha kukula kuwirikiza kawiri m'tsiku limodzi kapena awiri. Mitundu ina imakula pa masabata kapena miyezi yowerengeka. Chotupacho chimakhala cholimba ngati mphira, sichiwawa, ndipo chimatha kukhala m'khosi, m'khwapa, m'kamwa kapena m'mimba. Nkhani yolimbikitsa ndi yakuti khansa zothamangazi ndi zomwenso zimamva mankhwala. Munthu akafika msanga, akadali ndi mphamvu zoyenda yekha, n'kulandira mankhwala a khansa a m'diripi pamodzi ndi ma ARV, ali ndi mwayi weniweni wochira.

Khansa ya Kaposi

Matendawa anatchedwa dzina la Moritz Kaposi, dokotala wa khungu amene anawafotokoza ku Vienna mu 1872. M'chigawo chapakati ndi kum'mawa kwa Africa analipo kale Edzi isanabwere, koma kawirikawiri ankagwira miyendo ya amuna achikulire ndipo ankakula pang'onopang'ono. Mu 1983, Anne Bayley, dokotala wa opaleshoni pachipatala cha University Teaching Hospital ku Lusaka, anazindikira kuti matendawa asintha khalidwe. Anayamba kugwira anthu a zaka zochepa, kutupitsa anabere mbali zonse ziwiri, kulowa m'kamwa, kuondetsa ndi kupha msanga. Chimenechi chinali chimodzi mwa zizindikiro zoyamba zakuti Edzi yafika m'chigawo chino. Kachirombo koyambitsa khansayi kanadzapezeka mu 1994 ndi Yuan Chang ndi Patrick Moore a pa Columbia University ku New York.

Lero khansa ya Kaposi ili m'gulu la khansa zofala kwambiri pakati pa amuna ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe, ndipo amayinso imawagwira. Pakhungu lakuda imaoneka ngati madontho kapena timibulu takuda kwambiri, tina tofiirira, tosayabwa ndi tosawawa poyamba. Imakonda miyendo, mapazi, nkhope ndi kumwamba kwa m'kamwa. Ikatseka njira za madzi oyera aja, mwendo umatupa ndi kuuma ngati thabwa. Ikalowa m'mapapo, munthu amatsokomola, amabanika, nthawi zina amalavula magazi, ndipo apanso n'kosavuta kuisokoneza ndi TB. Mwa ana, kawirikawiri imayambira mwa anabere, khungu lili bwinobwino.

Thandizo loyamba la khansa ya Kaposi ndi ma ARV. Madontho akakhala ochepa ndipo ali pakhungu pokha, ma ARV okha amatha kuwafafaniza chitetezo chikabwerera. Matenda akafalikira, pamafunikanso mankhwala a khansa. Kafukufuku amene anachitika ku Malawi, Zimbabwe, South Africa, Kenya, Uganda ndi Brazil, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2020, anaonetsa kuti mankhwala otchedwa paclitaxel amathandiza kuposa ena awiri amene ankagwiritsidwa ntchito kwambiri m'zipatala za m'mayiko osauka. Alangizi adziwenso kuti mwa odwala ena khansayi imakula mwadzidzidzi m'miyezi yoyamba atangoyamba ma ARV, pamene chitetezo chikudzuka. Zikatero wodwala abwerere kuchipatala mwamsanga, koma asasiye ma ARV.

Matenda a Castleman

Pali matenda ena obwera ndi KSHV amene ngakhale ogwira ntchito zachipatala ena sanawamvepo. Dzina lake linachokera kwa Benjamin Castleman, dokotala wa ku Boston amene anafotokoza za anabere otupa mwa mtundu umenewu m'zaka za m'ma 1950. Mu 1995 zinadziwika kuti mwa anthu amene ali ndi HIV, mtundu wake wogwira malo ambiri m'thupi umayamba ndi KSHV. Kachiromboka kamapanga timadzi tofanana ndi timene thupi limagwiritsa ntchito pochenjeza asilikali ake kuti kwabwera adani. Thupi lonse limadzuka kukamenya nkhondo yosatha, mpaka limadzivulaza lokha.

Wodwala amatupa anabere malo ambiri, amatentha thupi kwambiri, amatuluka thukuta usiku, magazi amachepa, kapamba ndi chiwindi zimatupa, ndipo nthawi zina miyendo ndi mimba zimadzaza madzi. Matendawa amabwera ndi kupita. Munthu amadwala kwambiri masabata angapo, kenaka amapezako bwino, kenaka amadwalanso. Kupezako bwino kumeneku kumanyenga onse, pakuti wodwala ndi achibale ake amayesa kuti mankhwala amene akumwa pa nthawiyo agwira ntchito. Chinanso chosokoneza n'chakuti matendawa amagwiranso anthu amene akumwa ma ARV mokhulupirika, amene CD4 yawo ili bwino ndipo HIV sikuonekanso m'magazi.

Kwa zaka zambiri matenda a Castleman sankamveka kuno kwathu, ngakhale kuti HIV ndi KSHV zonse n'zofala. Mu 2011 pachipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe panatsegulidwa labotale yoyeza tinyama ta zotupa, mothandizana ndi University of North Carolina ya ku America. Patangopita zaka zochepa, madokotala anayamba kupeza odwala matendawa, ndipo ambiri mwa oyamba kupezeka anali atapatsidwa kale mankhwala a TB asanafike kumeneko. Phunziro lake ndi lomveka: matendawa analipo, chimene chinkasowa ndi njira yowaonera. Osathandizidwa amapha, koma mankhwala otchedwa rituximab, amene bungwe la WHO linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri mu 2015, amathandiza ambiri. Ndi okwera mtengo ndipo sapezeka paliponse, koma palibe amene angawalandire matenda ake asanadziwike.

Diso lokha silikwanira

Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere. Kunja kwa chinthu sikunena za mkati mwake. TB, lymphoma, Kaposi ndi Castleman zonse zimatha kuoneka chimodzimodzi pakhosi la munthu, ndipo ngakhale dokotala wodziwa bwino ntchito yake sangazisiyanitse ndi maso ndi zala zokha. Nthawi zina ziwiri zimakhalapo pamodzi mwa munthu mmodzi.

Singano yotapira madzi imathandiza kwambiri kupeza TB. Koma kuti lymphoma kapena Castleman zidziwike bwino, pamafunika kuchotsa mwanabere mmodzi kapena kanyama kake ndi kukakayeza ku labotale. Imeneyi ndi opaleshoni yaing'ono. Kawirikawiri amangobaya jakisoni wochititsa dzanzi pamalopo, ndipo munthu amabwerera kwawo tsiku lomwelo. Kanyamako kakaikidwa m'botolo la mankhwala osungira kakhoza kutumizidwa kuchokera kuchipatala cha boma laling'ono kupita kuchipatala chachikulu. Pali mphekesera yakuti chotupa chikakhudzidwa ndi mpeni chimafalikira. Chimene chimapha anthu athu si mpeni wa dokotala, koma miyezi imene imatayika munthu akumwa mankhwala a matenda amene alibe.

Kumene makina oyezera kulibe, kapena pamene zotsatira sizinaonetse kanthu koma wodwala ali ndi zizindikiro zonse za TB, dokotala amatha kuyambitsa mankhwala a TB. Chiganizo chimenechi chapulumutsa miyoyo yambiri. Koma chiyenera kukhala ndi malire ake. Munthu amene alidi ndi TB, akamamwa mankhwala bwino, kawirikawiri amayamba kusintha m'masabata ochepa: kutentha thupi kumaleka, chilakolako cha chakudya chimabwerera, sikelo imayamba kukwera. Ngati patha mwezi umodzi kapena iwiri wodwala akuondabe, akutenthabe thupi, kapena chotupa chikukula, nthawi yakwana yofunsa mwaulemu kuti: "Adokotala, kodi sipafunika kuyeza kanyama ka chotupachi?" Safunsa anadya phula. Tikumbukire kuti anabere a TB nawonso amatha kutupa kwa kanthawi mankhwala atayamba, choncho wodwala asasiye mankhwala a TB payekha. Abwerere kuchipatala kuti dokotala aonenso.

Zimene mlangizi ayenera kuyang'ana

Mukamayendera makomo kapena kukumana ndi magulu a anthu amene ali ndi HIV, funsani za zotupa monga mmene mumafunsira za kutsokomola. Ambiri sanena okha, makamaka chotupa chikakhala m'khwapa kapena m'mphechepeche. Tumizani kuchipatala munthu aliyense amene ali ndi chimodzi mwa izi:

1. Mwanabere amene watha masabata oposa awiri osaphwa, popanda chilonda pafupi.
2. Mwanabere woposa masentimita 2 m'mimba mwake, kapena amene akukulirakulira.
3. Kutupa kwa mbali imodzi yokha, kolimba, komatana kapena kosasendezeka.
4. Chotupa chili chonse m'kadzenje ka m'munsi mwa khosi, pamwamba pa fupa lopingasa la paphewa.
5. Kutentha thupi kwa masabata oposa awiri malungo atayezedwa osapezeka, thukuta lonyowetsa zofunda usiku, kapena kuonda.
6. Kuyera kwa zikhatho ndi m'zikope, kufooka, kapena kulemera kumanzere kwa mimba.
7. Madontho akuda pakhungu kapena m'kamwa, kapena mwendo wotupa ndi wouma.

Pali zina zosayenera kugona nazo: kubanika, kutupa nkhope ndi khosi, kulephera kumeza, kufa kwa miyendo, ndiponso mwana amene nsagwada, diso kapena mimba yake ikutupa mofulumira. Oterewa apite tsiku lomwelo.

Ntchito ya mlangizi siithera potumiza. Yezani chotupa ndi rula, lembani kukula kwake ndi tsiku m'kope lanu, ndipo yezaninso pakatha masabata awiri. Manambala amenewa amamuthandiza dokotala kuposa mawu akuti "chakulako." Pemphani wodwala ayasamule pamalo owala ndipo muone kumwamba kwa m'kamwa. Mukumbutseni kutenga buku lake la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa. Ngati wachotsedwa kanyama, lembani tsikulo, onetsetsani kuti wasiya nambala ya foni yogwira ntchito, ndipo musaleke kufunsa mpaka zotsatira zitafika. Zimatha kutenga masabata angapo, ndipo n'zomvetsa chisoni pepala la zotsatira likamagona m'kabati mwini wake ali gone kumudzi.

Zimene zimachedwetsa odwala

Chotupa chosawawa sichiletsa munthu kugwira khasu. Choncho mlimi amati adzapita akamaliza kubzala, kenaka akamaliza kupalira, kenaka akagulitsa mbewu kuti apeze ndalama yoyendera. Maganizo amenewa ndi omveka, pakuti munda ukasiyidwa banja limagona ndi njala. Koma kuchokera pobzala mu Disembala kufika pokolola mu Epulo kapena Meyi pali miyezi inayi kapena isanu, ndipo kwa lymphoma nthawi imeneyi ndi yokwanira kusandutsa matenda ochizika kukhala osachizika. Apa ndi pamene makalabu a alimi, mabanki a m'mudzi, mipingo, mizikiti ndi mafumu angathandize. Mutu umodzi susenza denga. Gulu likhoza kupatula thumba la ndalama zoyendera odwala, ndipo anansi akhoza kupalira munda wa mnzawo masiku amene ali kuchipatala. Mankhwala a khansa amaperekedwa maulendo angapo motalikirana masabata, ndipo amapezeka makamaka m'zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe, Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Cancer Diseases Hospital ku Lusaka. Banja lidziwiretu kuti ulendo si umodzi.

Ena amakhulupirira kuti chotupa chobwera popanda chilonda n'cholodzedwa, ndipo amayamba kwa asing'anga. Kutema mphini pachotupa, kuchiboola kapena kuchiotcha kumalowetsa tizirombo tina, kumataya magazi mwa munthu amene magazi ake ndi ochepa kale, ndipo sikufika pamene pali matenda. Alangizi asanyoze asing'anga, koma akambirane nawo kuti azitumiza kuchipatala aliyense wa zizindikiro zimene tatchulazi.

Chenjezo lina ndi la mankhwala ogula pamsika kapena m'magolosale, makamaka prednisolone. Mankhwalawa amatha kuphwetsa chotupa cha lymphoma kwa masiku ochepa, munthu n'kumayesa wachira, ndipo amasokoneza zotsatira za labotale. Kwa wodwala Kaposi, amatha kukulitsa matendawo. Asamwedwe popanda dokotala kulamula.

Kupewa kuli m'manja mwathu

Mpaka lero palibe katemera wa EBV kapena KSHV, ndiponso palibe mankhwala ochotseratu tizirombo timeneti m'thupi. Chida chachikulu chimene tili nacho ndi kusunga chitetezo cha m'thupi chili champhamvu. Ku Malawi ma ARV aulere anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004. Mu 2015 bungwe la WHO linalangiza kuti aliyense wopezeka ndi HIV ayambe mankhwala osadikira kuti CD4 itsike, ndipo dziko la Malawi linayamba kutsatira zimenezi mu 2016. Kuyamba msanga kumachepetsa kwambiri chiopsezo cha khansa ya Kaposi ndi mitundu ingapo ya lymphoma, ngakhale sikuchithetseratu. Amene ali pangozi yaikulu ndi amene sanayezetse, amene anasiya mankhwala, ndi amene CD4 yawo ili pansi pa 200. Ambiri mwa iwo ndi abambo, amene amachedwa kupita kuchipatala kuposa amayi.

Palinso chifukwa china chosasiyira ma ARV. Anthu ena amene ali ndi HIV alinso ndi kachirombo ka matenda a chiwindi a hepatitis B, mwina osadziwa. Awiri mwa mankhwala a m'mbulu umene ambiri akumwa masiku ano, tenofovir ndi lamivudine, amapanikizanso kachirombo kameneka. Munthu akasiya mwadzidzidzi, chiwindi chimatha kutupa moopsa.

Popeza tizirombo tiwiri tija timayenda m'malovu, ndi nzeru kusiya chizolowezi chotafunira mwana chakudya kapena mankhwala, ndi chopaka malovu pachilonda chake kapena pamene walumidwa ndi udzudzu. Kugoneka ana m'masikito kumawateteza ku malungo obwerezabwereza amene amathandizira khansa ya Burkitt. Koma zimenezi zisakhale chifukwa chosalira wodwala. Khansa siipatsirana. Munthu wodwala Kaposi kapena lymphoma akhoza kupatsidwa moni wa m'manja, kusambitsidwa ndi kukhala pakati pa abale ake popanda vuto. Amene matenda awo afika posachizika akufunikabe mankhwala ochepetsa ululu, kutsukidwa zilonda ndi kuchezeredwa, ndipo chisamaliro chimenechi ndi ufulu wawo.

Pa msonkhano wotsatira wa gulu lanu, patulani mphindi zochepa kuti aliyense aphunzire kudzipapasa m'khosi, kunsi kwa chibwano, m'khwapa ndi m'mphechepeche, kamodzi pamwezi posamba. Ochuluka sadzapeza kanthu, ndipo ambiri mwa opeza kanthu adzauzidwa kuti si choopsa kapena kuti ndi TB yochizika. Koma pakati pawo pangakhale mmodzi amene moyo wake ukudalira kuti afike kuchipatala mwezi uno, chimanga chidakali m'munda. Mupezeni ameneyo, mumuperekeze, ndipo musamusiye mpaka dzina la matenda ake litadziwika.